Uthenga wa zilembo 150 ukulipiritsidwa ngati ma SMS atatu

A Phiri: Anzanga, ndikupempha nzeru. Pulogalamu yathu yolembedwa m'chinenero cha kompyuta cha PHP imatumiza mauthenga kwa alimi, ndipo timaonetsetsa kuti uthenga usapitirire zilembo 160. Komabe uthenga wina wa zilembo 150 tapatsidwa mtengo wa ma SMS atatu, ndiponso strlen, lamulo la PHP loyezera kutalika kwa mawu, ikuonetsa 152.

A Nabanda: A Phiri, yang'anani ngati mulibe chilembo cha ŵ kawiri mu uthengawo. Ntchito ya strlen ndi kuwerenga ma byte (timagawo tomwe kompyuta imasungiramo zinthu), ndipo mu UTF-8, njira yosungira zilembo mu kompyuta, chilembo chimenechi chimatenga ma byte awiri, C5 ndi B5. Kuti mupeze chiwerengero cha zilembo, gwiritsani ntchito mb_strlen.

A Phiri: N'zoona, chilimo kawiri, m'mawu akuti Malaŵi ndi maŵa. Nanga ma SMS atatuwo akuchokera kuti?

A Mwale: Imeneyo ndi nkhani ina. Malire a 160 amagwira pokhapokha zilembo zonse zili m'gulu la GSM 03.38, lomwe ndi mndandanda wa zilembo wamba za SMS, ndipo ŵ mulibemo. Chikapezeka ngakhale chimodzi, uthenga wonse umasinthidwa kupita ku UCS-2, njira ina yosungira zilembo, momwe SMS imodzi imanyamula zilembo 70 zokha, ndipo uthenga ukagawidwa, gawo lililonse limatsala ndi 67 chifukwa malo ena amasungira zolumikizira zigawozo. Zilembo 150 sizingakwane m'zigawo ziwiri za 67, n'chifukwa chake mwalipira zitatu. Ine ndingasinthe ŵ kukhala w pa nthawi yotumiza pokha, popeza mlimi sangasokonezeke nazo.

A Nabanda: Ndikugwirizana nazo, koma musanasinthe, dutsitsani mawuwo mu Normalizer::normalize kuti akhale mu NFC, momwe chilembo ndi kachipewa kake zimaphatikizidwa kukhala chilembo chimodzi. Makibodi ena amalemba w wamba kenako n'kuikapo kachipewa ka U+0302 padera, ndipo pamenepo str_replace, lamulo losinthira zilembo, siingapeze ŵ, pomwe mb_strlen iziwerenga ngati zilembo ziwiri. Muonenso zizindikiro zopindika zimene Word imaika m'mawu ngati ng'ombe, chifukwa nazonso zimakankhira uthenga ku UCS-2. Mu database mokha musachotse ŵ. Tebulo likhale la utf8mb4, yomwe ndi UTF-8 ya mu database, apo ayi mutha kuona dzina la dziko litasanduka MalaÅµi kapena Mala?i.

A Phiri: Zikomo kwambiri nonse. Ndaika Normalizer patsogolo, kenako kusintha ŵ ndi zizindikiro zopindikazo, ndipo uthenga womwewo tsopano wapita ngati SMS imodzi.