Thandizeni malo owedza bass opanda boti kuno ku Joni

Membala wobisa dzina:
Moni nonse a pagulu, adimini chonde ivomerezeni positi iyi si yandale. Ine ndili kuno ku Joni ndimagwira ya m'gadeni, ndiye bwana wanga posamuka anandisiyira ndodo yowedzera ya reel ndi kabokosi ka tinyambo tapulasitiki, amati ndi zogwirira nsomba yotchedwa bass. Iyeyo amapita ndi boti, ine yanga inali kutsuka botilo akabwerako, sananditengeko olo tsiku limodzi koma zithunzi zokha kundionetsa. Pano ndayesa kangapo pa damu lina lake osagwira kanthu, kungopsa ndi dzuwa kuyambira 10 mpaka 3, thiransipoti kudya ndalama, mayi akunyumba ayamba kunena kuti bola kugula nkhuku ku shopu, akukayikanso ngati ndimapitadi kowedza. Cooler box yanga anabwereka mlamu wanga pa Khrisimasi mpaka lero, ukamufunsa akuti ili kwa mnzake. Nyambo ndimaika nsima yosakaniza ndi chiponde poti tapulasitikito sindikutikhulupirira, nsomba ingadye pulasitiki? Funso langa ndi loti malo abwino oima kumtunda nkugwira bass ndi ati, boti ndilibe.

Wa ku Msaka Original:
Achimwene mwachoka kwanu kosiya chambo, kampango, mcheni, mwabwera kudzalira bass? Nsomba yoti eni ake akaigwira amaipsompsona, kuijambula nkuibwezanso m'madzi! Ine ndabadwira m'bwato, nsomba ikalowa m'manja yalowa mumphika basi. Gulitsani ndodoyo mugule ndiwo.

Mayi a Mapasa:
Nkhani apa ndi ya mlamuyo. Wanga anatenga mbaula ya gasi mpaka anapita nayo ku Mzimba, ndinangoiona pa chithunzi cha chinkhoswe. Pitani mukatenge nokha cooler box yo, musatume munthu.

Dalaivala wa Pretoria:
Muli mbali iti kodi? Ngati ndi chakuno yesani Rietvlei kapena Roodeplaat, onsewa ali pafupi ndi tauni ndipo pali mbali ya owedza kumtunda, mumalipira pageti. Bronkhorstspruit nayo ya bass koma mbali yambiri ya gombe ndi ya ma resort ndi nyumba za anthu, musamangolowa. Koma nsima ayi akulu, imeneyo mugwira carp kapena mlamba. Bass imadya chamoyo, tinsomba, achule, nkhanu.

Wa ku Msaka Original:
Dalaivala iwe ziwa za mseu. Palibe nsomba yokana nsima pa dziko lapansi, ikakhala ndi njala idya.

Dalaivala wa Pretoria:
Madala, kampango munamugwirapo ndi nsima?

Wa ku Msaka Original:
USANDIPHUNZITSE ZA KAMPANGO. Kampango timapha usiku pa madzi akuya ndi nyambo ya usipa, iwe usanabadwe ine ndikupalasa kale kupita ku Thumbi.

Dalaivala wa Pretoria:
Ndiye mwavomereza nokhatu kkkk, usipa si nsima.

Kamnyamata ka Bangwe:
Kkkkk akuti mayi akukayika. Akulu muzigula nsomba pobwerera, koma muchotse pepala la mtengo, mnzanga anaiwala anagona pa sofa.

Gogo Mlonda:
Ine ndingokuchenjezani. Ndinapita ndi anzanga ku damu la pa famu ina, waya tinadumpha poganiza kuti madzi ndi a Mulungu, anatipeza ndi agalu, ndodo kulanda, foni kulanda, tinayenda wapansi mtunda wautali zedi ndipo mnzathu wina mapepala ake anali atatha ndiye tangoganizani mantha ake. Kuno damu lililonse lili ndi mwini wake. Pemphani kaye. Ndipo kumadamu a kumpoto uko ngati Loskop ndi Rust de Winter kuli ng'ona, Loskop mvuu zilikonso, osamalowa m'madzi mpaka m'chiuno ngati muli pa dambwe.

Wa ku Msaka Original:
Ng'ona imagwira amantha. Ponyani ukonde usiku umodzi nkhani yatha, za ndodo ndi zoseweretsa ana.

Adimini:
A Msaka, za ukonde musalimbikitse pano. Ukonde m'madamu a kuno ndi mlandu, anthu amamangidwa, kenako muzidzatipempha zopereka za belo pagulu pompano.

Sisi wa Durban:
Mesa Joni mumanena dziko lonse inu? Tiuzeni tauni. Kuno kwathu amuna anga amapita ku Inanda, nthawi zina Albert Falls kufupi ndi Pietermaritzburg, ndi madamu otchuka a bass. Chomwe ndinaona ine nchoti amadzuka kusanache, dzuwa likakwera abwerako, apo ayi amapita madzulo. Inu 10 mpaka 3 mukukawotha dzuwa, nthawi imeneyo nsomba yathawira kwakuya komwe boti lokha limafika.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. A Mayi a Mapasa mlamuyo ndi mchimwene wa akazi anga ndiye ndikalankhula kwambiri nkhani imafika kumudzi. Chithunzi cha pomwe ndimaima ndi ichi.

Mphunzitsi Wakale:
Pachithunzipo mwaima poyera, pamchenga, palibe bango, palibe mtengo wogwera m'madzi, palibe miyala. Bass khalidwe lake lili ngati tsungwa wa kwathu, imabisala nkumadikira kansomba kadutse. Funani pomwe pali udzu wa m'madzi, zitsa, pomwe kamtsinje kakulowa m'damu, kapena pomwe pansi patsetsereka mwadzidzidzi. Ponyani motsata gombe osati pakati pa damu. Nyongolotsi ya pulasitikiyo nsonga ya mbedza muibise m'thupi mwake kuti isakole udzu, iponyeni imire, muzikoka pang'onopang'ono nkumaima. Mukaponya kangapo osamva kanthu sunthani, bass saidikira pampando. September ndi October madzi akayamba kufunda zimabwera kosaya kudzaikira mazira, ndi nthawi yabwino ya ife a kumtunda.

Wa ku Msaka Original:
Aphunzitsi mwalemba buku lonse chifukwa cha nsomba imodzi. Nchifukwa chake ana amagona m'kalasi. Tsungwa ine ndimagwira ndi nyongolotsi yokumba kuseri kwa bafa.

Kamnyamata ka Bangwe:
Pitani ku damu la Harties (Hartbeespoort) akulu, mukagwira namasupuni wodzadza cooler box imene mulibeyo.

Mayi a Mapasa:
Ku Hartbeespoort ko olo mugwire musadyetse ana, madzi ake amachokera mu Jukskei ndi Crocodile, zonyansa za m'tauni zonse zimathera mmenemo, amachita kubiriwira. Komanso inu a Bangwe chilichonse nthabwala, munthu banja lake likugwedezeka apa.

Sisi wa Durban:
Dikirani kaye, chithunzichi kumbuyoko ndi mapiri ndi minda ya mpesa. Joni wake uti wa mpesa? Akulu inu muli ku Cape eti? Ndiye anthu akhala akukutumizani ku Pretoria chabe.

Mphunzitsi Wakale:
Ngati ndi Cape ndiye muli kwawo kwa bass, poti zoyamba anazibweretsa ku Jonkershoek kufupi ndi Stellenbosch mu 1928, kwawo kwenikweni ndi ku America. Kuli damu la Theewaterskloof ku Villiersdorp, mtsinje wa Breede, ndipo damu la Clanwilliam ndi lotchuka ndi mtundu wa bass wotchedwa smallmouth koma ndi kutali ndi thiransipoti yanuyo. Laisensi ya madzi a m'damu kumeneko ndi ya bungwe loona zachilengedwe la CapeNature, ndi yosiyana ndi ya kunyanja ya mchere. Musanyamulenso bass yamoyo kukaiponya damu lina, malamulo amaletsa chifukwa imatha tinsomba tachilengedwe.

Wa ku Msaka Original:
Cape? Munthu uli pa nyanja yaikulu ya snoek ukufuna ka nsomba ka pa famu? Ndipatseni ndodoyo ine, ndikutumizireni usipa wouma pa basi ya Lachisanu.

Dalaivala wa Pretoria:
Madala mesa munati ndodo ndi zoseweretsa ana?

Wa ku Msaka Original:
Ndili ndi zidzukulu iwe.