Njinga ikuzima pa mtunda wa ku Bvumbwe, ulendo uli Loweruka, ndithandizeni

Membala wobisa dzina

Abale anga a m'gulu muno, mutu waima. Ndimakhala ku Thyolo boma. Loweruka likubwerali tinapangana ndi anzanga anayi kuti tizungulire phiri la Mulanje pa njinga zamoto: kunyamuka pa Chitakale, kudutsa Likhubula, Phalombe, Chiringa, kukatulukira ku Muloza n'kubwerera pa tala. Takhala tikusonkherana kuyambira mu Epulo, ndipo ine ndinachita kugulitsa mbuzi kuti ndigule matayala atsopano.

Tsono njinga yanga yayamba khalidwe lachilendo. Pamalo abwino ikuyenda ngati kale. Koma ndikangoyamba mtunda wopita ku Bvumbwe n'kuwonjezera moto, imayamba kudukiza ngati munthu wotsamwa ndi nsima, kenako zii. Ndikadikira pang'ono m'mbali mwa msewu n'kumenya kiki, imalira bwinobwino ngati palibe chachitika. Mtunda wina, zomwezo.

Zonsezi zayamba mlamu wanga ataibwereka. Anati akupita ku maliro tsiku limodzi, anatha masiku atatu. Pobwera galasi lakumanzere linali losweka, indiketa atamanga ndi mphira wa chubu, ndipo ngakhale mawu oti pepani sanatuluke pakamwa pake. Ndikayankhula, mayi akunyumba akuti ndikunyoza abale awo. Munthu yemweyu chaka chatha anabwereka mpope wopopera mbewu, mpaka lero.

Ndinapita kwa makaniko wina, anasintha pulagi n'kundilipiritsa K18,000, akuti ndi ntchito yomwe. Tsiku lomwelo inandizimira pakati pa minda ya tiyi, chiperoni chili waa, ndinaikankha nsapato zili thope lofiira lokhalokha, amayi othyola tiyi akungondiyang'ana madengu ali kumsana. Makanikoyo ndikamuimbira sakuyankha. Ndipange bwanji? Anzanga akuti ndikapanda kukonza pofika Lachisanu andisiya.

Mai a Tadala

Mwatiuza za mbuzi, mpope ndi alamu anu, koma njingayo ndi ya mtundu wanji? Nanga mafuta amene ali m'thankimo munathira kuti?

Madala a AG200

MAVALAVU AMENEWO. Ndayamba kukwera njinga ena a inu musanabadwe, ndikuyendera alimi kuyambira ku Makwasa mpaka ku Thekerani msewu usanaone tala. Injini ikatentha zitsulo zimafufuma, valavu ikakhala yothina siitseka bwino, mphamvu imathawa, njinga imazima. Ikazizira imadzukanso. Si zimene wafotokoza mnyamatayu? Koma vuto lenileni ndi loti ana a masiku ano mumathamangira tinjinga totchipa tolowa pa Muloza iti, ma Lifo ndi ma King Lion, kenako muzidzatisokosa kuno. Gulani Yamaha mugone tulo.

Kabaza wa pa Luchenza

Madala, musatinyoze. Lifo yanga ikudyetsa ana atatu ndipo ndimanyamula matumba awiri a nandolo kukwera nawo mtunda popanda kutsokomola. Yamaha yanuyo mtengo wake ndi wa nyumba. Komanso mwiniwake sananene n'komwe kuti yake ndi Lifo.

Madala a AG200

Ndiye anene! Koma ine ndikudziwa kale.

Achimwene a ku Bangwe

Njinga, mkazi ndi foni sabwereketsa. Mwaphunzira mochedwa achimwene kkkk

Nachisale

Inu a ku Bangwe, mkazi si katundu woti muzimuwerengera pamodzi ndi foni. Samalani pakamwa, muno muli amayi anu.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse. Mlamuyo si kuti ndinamupatsa mwakufuna kwanga, anabwera ndi apongozi m'mawa ine ndisanasambe n'komwe, ndikanakana bwanji? Galasi lokha ndafunsa ku Limbe, mtengo wake ndinangotuluka m'sitolo osatsanzika.

Mai a Tadala

Sindinafunse za galasi bambo.

Wokwera wa ku Zomba

Ine zangati zimenezi zinandichitikira ndikukwera ku Ku Chawe. Ndinasintha pulagi kawiri, ndinagula koyilo, ndinatsala pang'ono kutsegulitsa injini yonse. Mapeto ake linali kabowo kakang'ono ka pa chivundikiro cha thanki, kolowera mpweya, katatsekeka ndi fumbi. Mafuta akamatsika mpweya umayenera kulowa m'malo mwake, ukapanda kulowa mafuta amaima ngati mmene amachitira madzi m'chigubu chotseka. Ikadzazimanso, tsegulani chivundikirocho msangamsanga khutu lili pafupi. Mukamva kuti fyuu, ndiye kuti mwapeza. Ine ndinangotokosa ndi waya wa bulashi, basi. Ndalama zimene ndinataya zija zimandipweteka mpaka pano.

Madala a AG200

Za kabowo ndi nthano zimenezo. Njinga yoti yayenda masiku atatu m'manja mwa mlendo, akuikoka pa giya imodzi, mukuti kabowo? Mavalavu! Apeze makaniko wokhala ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata wa mavalavu, ayeze injini ili yozizira, m'mawa isanalire. Osati awa a pansi pa mtengo oyeza ndi maso ndi lezala.

Wokwera wa ku Zomba

Kutsegula chivundikiro n'kwaulere madala. Ayambe zaulere, zolipira pambuyo.

Madala a AG200

Zaulere ndi zimene zawononga njinga m'dziko muno.

Aunt Esi

Nonse mukukamba za zitsulo, palibe akufunsa ngati munthuyu ali ndi helemeti. Mchimwene wanga anagwa pafupi ndi Luchenza chaka chathachi, madzulo, nkhungu itatseka. Thalakitala ya ku esiteti inali itasiya thope pa tala, tayala lakutsogolo linangoti psee. Helemeti anali nayo koma anaikoleka pa chigongono poti akuti ikumutentha. Tinakhala naye m'chipatala milungu isanu ndi umodzi, ndikumusambitsa ndi kumumwetsa phala munthu wamkulu wa ana anayi. Pano amaiwala maina a ana ake. Nyengo ino ya Juni ndi Julaye chiperoni chimatha masiku osakata, msewu wa ku Thyolo umakhala wonyowa tsiku lonse. Yatsani nyali ngakhale masana, mangani lamba wa helemeti pansi pa chibwano. Ndipo ngati njinga ikuzima yokha pa mtunda, ganizirani kuti ikadzazima lole ya tiyi ili kumbuyo kwanu pa kona mudzatani. Ulendo umabwerezedwa bambo.

Kabaza wa pa Luchenza

Pepani kwambiri aunt. Malo amenewo ndikuwadziwa, ifenso timawaopa.

Mnyamata wa Sapitwa

Ine ndimaperekeza alendo m'phirimu. Njira imene mwasankhayo musaione pa mapu n'kumati ndi yapafupi. Kuchoka pa Chitakale mpaka Phalombe ndi tala, mudzasangalala, phiri la Chambe lili kudzanja lamanja. Koma kuseri kuja, cha ku Nkhulambe kutsikira ku Muloza, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa miyala ndi mchenga kuchokera m'phiri, mitsinje ina inasintha njira. Funsani a kabaza a pa Chiringa za mmene kulili musanalowe. Nyamulani zomatira chubu, pampu ndi masipanala, ndipo munyamuke m'mawa. Dzuwa likulowa msanga miyezi ino, isanakwane 6 koloko kwada.

Achimwene a ku Bangwe

Mwina mizimu ya ku Sapitwa yakana ulendowu, kapena alamuwo anapita nayo kwina osati ku maliro. Kawazeni madzi a mchere kkk

Nachisale

Munthu ali pa mavuto inu mukuseka.

Madala a AG200

Mchere pa njinga? Mukufuna ichite dzimbiri? Gulu ili lalowa ana. Ndipo inu a Sapitwa, msewu umenewo ine ndinkadutsa mvula ikugwa, katundu ali kumbuyo. Yamaha AG200 ili ndi chotchingira tcheni chonse, thope silifika. Tinjinga tanuti tcheni chili pamtunda, mchenga ukalowa chimadya sipuroketi ngati chiswe. Ndiponso mumamanga tcheni ngati chingwe cha gitala. Chizisewera pang'ono, masentimita awiri kapena atatu mukachikankha ndi chala pakati. Koma za mnyamatayu ndanena kale, sindibwereza. MAVALAVU.

Mai a Tadala

Mwanena kale katatu madala. Ine ndimakonza njinga, ndi ntchito imene imandidyetsa. Mavalavu othina amavutitsanso poliza ndipo njinga imazima ikaima pa slow itatentha. Uyu akuti pamalo abwino ilibe vuto, ikufa akafuna mphamvu. Zimenezo kawirikawiri ndi mafuta osafika mokwanira. Ndikufunsanso kachitatu: mafuta munathira kuti, ndipo pulagi yakale ija itatuluka inali ya mtundu wanji kunsonga? Yofiirira ngati khofi wamkaka ndiye kuti zili bwino, yakuda ndi mwaye ndiye kuti mafuta akuchuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka, yotuwa mbee ndiye kuti mafuta akuchepa.

Madala a AG200

Mayi, ndi ulemu wonse, ine injini ndinayamba kutsegula kalekale.

Mai a Tadala

Ndi ulemu womwewo bambo, ine ndatsegula zitatu lero.

Bambo a Yamikani

Amakaniko onse ndi amodzi. Wina ku Limbe anandichotsera koyilo yanga yoyambirira n'kuikamo yachabechabe, ndinazindikira patatha mwezi. Mukapereka njinga khalani pomwepo, musapite kukadya. Ndipo chilichonse chimene achotsa akupatseni m'manja. Inu pulagi yakale ija anakupatsani? Ndikudziwa sanakupatseni.

Kabaza wa pa Luchenza

Langizo langa ndi la ulendowo. Potsika mtunda osazimitsa injini kapena kuika pa free pofuna kusunga mafuta. Anyamata ambiri amatero kutsika ku Thyolo kubwera kuno, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira. Tsikani pa giya yaing'ono injini izikugwirirani. Pa thope buleki yakutsogolo muziigwira mwaulemu.

Membala wobisa dzina

Pulagi sanandipatse, ndipo mwandikumbutsa, ndikaifuna. Njingayo ndi Boxer 150, ndinagula kwa mphunzitsi wina. Za mafuta ine sindinathire ayi, chifukwa mlamuyo anaibweza thanki ili yodzadza, chokhacho ndiye anachita bwino. Akuti pa filling station panalibe, anagula a m'mabotolo kwa anyamata a m'mbali mwa msewu cha ku Muloza. Koma chimene chikundiwawa n'choti dzulo pa chakudya apongozi anati ine ndine wouma mtima.

Mai a Tadala

Bambo inu! Zimenezi mukanayamba nazo m'mawa muja.

Wokwera wa ku Zomba

Ayi ndithu, ndiye nkhani yake imeneyo.

Madala a AG200

Boxer ndi ya ku India, yabwinoko pang'ono, koma nayonso ili ndi mavalavu.

Mphunzitsi wa sayansi

Ndiwonjezereko pang'ono. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi. Ndiye petulo akakhala m'chigubu chosatseka bwino, nyengo ya chiperoni ngati ino, madzi amalowa, ndipo akachuluka amapatukana n'kukhala pansi chifukwa ndi olemera kuposa petulo. Pansi pa thanki ndi pamene pali mpopi wopita ku kabuleta. Enanso osaopa Mulungu amathiramo parafini kuti achuluke.

Kabaza wa pa Luchenza

Si onse aphunzitsi. Mafuta akasowa ndi anyamata omwewo amatipulumutsa, ena timawadziwa ndipo amasefa pa nsalu tikuona.

Bambo a Yamikani

Nsalu imagwira zinyalala, madzi amadutsa.

Aunt Esi

Kaya ndi madzi kaya ndi chiyani, helemeti sanayankhe.

Membala wobisa dzina

Helemeti ndili nayo aunt, lamba wake anaduka koma ndisoketsa mawa. Mai a Tadala, ndiye nditani? Ndibwererenso kwa makaniko uja? Ndalama yatsala ya ulendo yokha.

Madala a AG200

Pitani kwa wa feeler gauge. Mudzandikumbuka muli pa Nkhulambe mukukankha.

Mai a Tadala

Musapite kulikonse kaye. Mawa kukacha tulutsani njinga panja, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya. Tsekani kampopi ka mafuta. Pansi penipeni pa kabuleta pali kasikuluwu, masulani pang'ono mafuta a m'kabakuli atsikire m'botolo loyera loonekera mkati. Liikeni pansi mphindi zingapo. Ngati muli madzi muona mzere, madzi pansi petulo pamwamba. Mukawaona, khuthulani thanki yonse kudzera pa paipi kampopi kali pa reserve, tsukani kasefa ka pa kampopiko, muthire petulo wa pa pampu. Ikapitiriza kudukiza ndiye kuti jeti yaikulu ya m'kabuleta, kabowo kodutsa mafuta, yatsekeka, imeneyo apemerere ndi mpweya, asatokose ndi singano chifukwa bowo limakula. Mukatero kaiyeseni pa mtunda womwewo wa ku Bvumbwe kawiri Lachisanu lisanafike. Ikazimanso ngakhale kamodzi, Loweruka musapite.

Membala wobisa dzina

Zikomo mayi. Nanga petulo wodzadza thanki ameneyu nditaye yense? Ndipo mlamuyo ndimuuze kuti abweze ndalama yake kapena ndingokhala chete chifukwa cha apongozi?

Nachisale

Za alamu anuzo kambiranani ndi ankhoswe, osati pa gulu la anthu masauzande.

Mai a Tadala

Musathire pansi kapena mu ngalande. Sungani m'chigubu chotseka muzitsukira tcheni ndi zitsulo. Mutitumizire chithunzi cha botolo lija mawa.

Madala a AG200

Ndipo chithunzi cha mavalavu.