Kodi mawu akuti "esquina" anachokera ku fupa la mwendo?

Ndili ndi funso kwa inu amene mumadziwa Chipwitikizi ndi Chisipanishi, makamaka abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene mumamva mawu akuti "esquina" tsiku ndi tsiku. M'Chichewa timangoti ngodya, kapena kona, posasamala kuti taima kunja kwa nyumba kapena m'kati. Anthu a ku Spain amasiyanitsa. Ngodya yakunja, pamene makoma awiri akumana n'kutulukira kumsewu, amaitcha "esquina", pomwe ngodya yam'kati, imene mayi amatsamiritsako tsache akatha kusesa, amaitcha "rincón".

Chimene chinandikopa mtima ndi chakuti mawu awiriwa anabwera ndi anthu osiyana amene analamulirapo dzikolo. "Rincón" anachokera ku mawu a Chiarabu akuti "rukn", otanthauza ngodya kapena mzati, ndipo analowa m'chilankhulocho m'nthawi ya Asilamu, amene anafika mu 711 ndipo anataya mzinda wawo womaliza wa Granada mu 1492. Mawu a Chiarabuwa, akachuluka, amakhala "arkan", ndipo ndi amene amatchulira nsanamira zisanu za Chisilamu. A ku Catalonia, dera la ku Spain, ngodya yam'kati amati "racó". Pamenepa sindikuonapo vuto, chifukwa tanthauzo silinasunthe.

Pa "esquina" ndi pamene pagona funso langa. Akatswiri amati anachokera ku chilankhulo cha Agoti, amene ankalamulira Spain Aarabu asanafike, ndipo mawu ake ndi "skina", otanthauza kamtengo kowonda kapena msongolo. Koma mawuwa sanapezeke olembedwa m'Chigoti chenichenicho. Akatswiriwo anachita kuwalumikiza poyerekeza ndi zilankhulo zachibale. Nanga fupa la mwendo lingasanduke bwanji ngodya ya nyumba? Nditayendetsa chala pa msongolo wanga ndinamva kuti fupalo lili ndi mzere wakuthwa kutsogolo, pamene mbali ziwiri zikumana, chimodzimodzi ndi khoma la njerwa pangodya. Kwa ine zimenezi zikumveka ndithu. Chondivuta n'chakuti muzu womwewo unabala "esquena" m'Chikatalani, "schiena" m'Chitaliyana ndi "échine" m'Chifalansa, ndipo onsewa amanena za msana. Kodi tinene kuti tanthauzo linayamba ndi msongolo, n'kupita ku mzere wa mafupa a msana, kenako n'kufika pakhoma? Kapena Asipanishi ndi Apwitikizi anadzera njira yawoyawo osadutsa pa msana?

Apwitikizi ali ndi mawu enanso, "canto", amene nthawi zambiri amanena ngodya yam'kati, ndipo ndi amene olengeza mpira amatchula akamati "pontapé de canto", pomwe Asipanishi amati "saque de esquina" pa kona yomweyo. Mawu akuti "canto" amawalondola mpaka ku "canthus" wa Chilatini, chitsulo chimene ankakulunga nacho mkombero wa gudumu la ngolo. Quintilian, mphunzitsi wa ku Roma amene anabadwira ku Calahorra ku Spain komweko, analemba kuti mawuwa anali a ku Africa kapena a ku Hispania (dzina lakale la Spain ndi Portugal), osati Chilatini chenicheni.

Amene mumalankhula Chipwitikizi kwanu, tandiuzeni: mwana akabisala m'chipinda kuseri kwa kabati, mumati ali pa "canto" kapena pa "esquina", ndipo kodi achikulire amasiyanitsabe mawu awiriwa ndi "quina", amene ndimamva akunena za nsonga ya tebulo?