Explora ija yalumikizika ku intaneti

Zikomo nonse amene munandiyankha nditadandaula kuti Explora yanga, dikoda ya DStv, ikukana kulumikizika ku intaneti ya pakhomo. Ambiri munati ndisiye kulimbana ndi Wi-Fi, ndigule waya wa Ethernet. Ndinagula wa mamita 15, n'kuudutsitsa pamwamba pa chitseko mpaka kuchipinda komwe kuli rauta, kabokosi kogawa intaneti. Nditaubaya kumbuyo kwa dikoda sizinatheke pompo. Ndinazimitsa zonse ziwiri, kuyatsa rauta kaye, dikoda pambuyo, basi Catch Up, poonera mapulogalamu amene anaonetsedwa kale, n'kutseguka. Kani vuto linali khoma la njerwa zowotcha la pakati pa rauta ndi dikoda, netiweki ya Wi-Fi imafika itafooka.

Koma inu ogula mabandulo, samalani. Ana anaonera makatuni Loweruka lonse, pofika madzulo bandulo ya sabata yatheratu. Pano ndikamachoka, waya ndimauzula.