Seva yathu yakalamba, maakaunti a antchito ndiwasamutse bwanji?

WakuLuwinga:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimayang'anira makompyuta pakampani ina kuno ku Luwinga, antchito 64, ena ali kunthambi yathu ku Karonga. Maakaunti onse ali pa seva imodzi ya Windows Server 2012 R2, yomwe Microsoft inasiya kuitumizira zokonza za chitetezo mu Okutobala 2023. Fani yake ikulira ngati chigayo, ndipo magetsi akabwerera imatenga mphindi 20 kuti idzuke, anthu ali chilili pakhomo panga. Abwana agula ina ya Server 2022. Ndikuganiza zoyambitsa domain yatsopano (gulu la maakaunti ndi makompyuta loyang'aniridwa pamodzi), Loweruka ndilembenso maina onse pamanja. Pali choopsa?

MkuluWaKatoto:
Achimwene, chonde musayerekeze. Ine ndinazichitapo, mpaka lero mtima umandipweteka. Active Directory, yomwe imasunga maakaunti a mu domain, sizindikira munthu ndi dzina, imamuzindikira ndi nambala yotchedwa SID. Dzina lomwelo mukalilemba pa domain ina, SID imakhala yachilendo. Lolemba m'mawa mayi athu owerengera ndalama analowa n'kupeza desktop ili mbee, foda ya malipiro ikuwakana, mwezi uli kumapeto. Anangogwira tsaya osayankhula. Ndinagona muofesi masiku awiri ndikubwezera ma permission foda ndi foda.

Seva yatsopanoyo ilowetseni mu domain yomwe ilipoyo, ikhale domain controller yachiwiri, ndiye kuti seva inanso yosunga maakaunti a domain. Maakaunti, mapasiwedi, magulu ndi Group Policy (malamulo oyendetsera makompyuta a antchito) ziwoloka zokha, antchito sadziwa n'komwe. Zikakhazikika, samutsirani ku seva yatsopano maudindo asanu apadera oyendetsera domain, otchedwa FSMO.

Koma muyambe mwalemba lamulo la dfsrmig /getglobalstate pa seva yakale. Ngati domain yanu inayamba kale nthawi ya Server 2003, mwina SYSVOL, foda yosunga Group Policy, ikadali pa FRS, njira yakale yoikopera pakati pa maseva, ndipo 2022 ikana kukwezedwa kukhala domain controller mpaka mutasamukira ku njira yatsopano ya DFSR. Onaninso dcdiag, lamulo loyeza thanzi la domain controller, cholephera chilichonse chikonzedwe kaye.

NyaChibavi:
Akuluwa anena zoona. Ine nkhawa yanga ndi DNS, yomwe imathandiza makina kupezana ndi maina pa netiweki. Maprinta, makina osainira chala pakhomo ndi rauta ya ku Karongayo, mwina zonse zinalembedwa IP ya seva yakale pamanja. Sinthani mu DHCP, yomwe imagawira makina ma IP, kenako muyendere chimodzichimodzi ndi kope m'manja. Yakaleyo musathamangire kuichotsa. Izimitseni masiku atatu mumve amene adandaule, muiyatsenso, ndiyeno muichite demote (kuichotsa pa udindo wa domain controller) mwadongosolo. Backup ya system state ikhale pa disiki yapadera musanagwire chilichonse.

Chiputula265:
Bwanji osangopita ku Microsoft Entra ID, ija inkatchedwa Azure AD, yosunga maakaunti pa intaneti? Fumbi ndi jenereta muiwale.

MkuluWaKatoto:
Aphwanga, maganizo ndi abwino, koma Entra ilibe Group Policy monga tinaizolowera, pamafunika Intune yoyang'anira makompyuta pa intaneti, ndipo malaisensi ake ndi olipira mwezi ndi mwezi, mitengo yotsatira dola. Amalize kaye izi. Entra Connect idzalumikiza maakaunti omwewa mtsogolo ngati abwana avomera.

WakuLuwinga:
Yewo chomene nonse. Ndalemba lamulo lija, yayankha kuti kusamukira ku DFSR sikunayambike, ndiye tikadali pa FRS. Maina pamanja ndasiya. Loweruka ndiyamba ndi backup, kenako dfsrmig. Ndaona kuti ukafika pa gawo lomaliza la Eliminated palibe kubwerera, ndiye akulu a ku Katoto, pa Redirected, gawo la lisanafike limenelo, ndidikire masiku angati?