F-duct anailetsa, nanga DRS anailoleza bwanji?

Wamasipanala:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ine ntchito yanga ndi yokonza galimoto, ndipo chimene manjawa andiphunzitsa n'chakuti chitsulo chosuntha ndicho chimayamba kufa. Mu 2010, m'mipikisano ya galimoto ya Formula 1, timu ya McLaren inabwera ndi F-duct pa galimoto yawo ya MP4-25. Mpweya unkalowera pa kabowo ka kutsogolo n'kudutsa m'paipi ya pomwe dalaivala amakhala. Iye akatseka bowo lina ndi mwendo wakumanzere, mpweyawo unkathamangira ku phiko lakumbuyo, lomwe limapondereza galimoto pansi, n'kulifooketsa, galimoto n'kuwonjezera liwiro pamalo owongoka. Panalibe kachitsulo kosuntha ngakhale kamodzi. Mu 2011 anailetsa n'kubweretsa DRS, phiko lotseguka ndi mahaidiroliki, chinthu choti chikhoza kukanirira. Zimandipweteka ndithu, chifukwa nzeru ya F-duct inali yokongola. Chitetezo chake chili pati pamenepa?

Mayi_wa_Tifosi:
Achimwene, vuto silinali kwenikweni pa ya McLaren, linali pa zomwe matimu ena anakopera. Chaka chimenecho matimu sankaloledwa kusintha thupi lenileni la galimoto mipikisano ya chakacho ikayamba, ndiye aliyense ankaboola pomwe papezeka mpata. A Ferrari bowo lawo linkatsekedwa ndi dzanja lamanzere. Ine ndimasapota Ferrari, koma nditaona dalaivala wawo Fernando Alonso ku Barcelona, dzanja lina lili pabowo, linalo likuchoka pachiwongolero kukasintha mabuleki, galimoto ikuthamanga pafupifupi makilomita 300 pa ola, mtima unali m'mwamba. Matimu eniake ndiwo anagwirizana kuti zithe. DRS inali batani chabe, manja onse ankakhala pachiwongolero.

Kabaza44:
Koma mkuluyu ali ndi mfundo, musamutaye. Mu 2018 ku Monza ku Italy, pa nthawi yoyeserera, DRS ya Sauber ya Marcus Ericsson sinatsekeke ataponda buleki. Kumbuyo kunalibe mphamvu yopondereza matayala pansi, galimoto inakhotera kukhoma n'kugubuduzika kangapo. Mwamwayi anatuluka ali bwino. Mu 2025 Jack Doohan anachita ngozi pa kona yoyamba ya ku Suzuka ku Japan phiko lili chitsegukire. DRS inkatsekeka yokha ukaponda buleki, koma kona imene ija ankailowa osaponda, ndiye unkafunika kutseka wekha. Ndipo FIA, nthambi yoyang'anira mipikisanoyi, inkadziwa kuopsa kwake kuyambira pachiyambi: mu 2011 inaletsa kuitsegula m'ngalande ya ku Monaco komanso pa kona ya Eau Rouge ku Spa, ku Belgium.

Gogo_wa_mipikisano:
Ana anga, nkhaniyi ndi yakale. Mu 1966 Jim Hall ku America anapanga Chaparral 2E, ya phiko lalikulu pamwamba. Galimotoyo inalibe kilatchi, ndiye phazi lakumanzere linkaponda chopondera chogoneka phikolo pamalo owongoka. Akangochotsa phazi kuti aponde buleki, phiko linkabwerera lokha pamalo opondereza galimoto pansi. Mu Formula 1 anakokomeza, mapiko ataliatali pa timitengo towonda, mpaka mu 1969 ku Montjuïc, ku Spain, mapiko a Lotus ya Graham Hill ndi ya Jochen Rindt anathyoka, onse awiri n'kuchita ngozi pamalo amodzi. Mapiko ataliwo anawaletsa pa mpikisano wotsatira ku Monaco.

Wamasipanala:
Zikomo nonse. Mayi, za dzanja la Alonso ndamva ndipo sinditsutsa. Koma agogo mwandifika pamtima. Chaparral ndi F-duct zikufanana apa: dalaivala akangosiya, galimoto imabwerera yokha pamalo otetezeka, popanda kudalira sensa kapena pampu. Ine ndikanakonda akanalamula kuti bowo likhale pamwendo kwa matimu onse m'malo moiletsa. Tsopano malamulo a 2026 achotsa DRS, mapiko akutsogolo ndi akumbuyo omwe azisuntha. Funso langa ndi ili: lakutsogolo likatsekeka lakumbuyo n'kukanirira chitsegukire pofika pa kona, chimene chigwire kumbuyo kwa galimotoyo n'chiyani? Amene mwawerenga malamulowo bwinobwino, tiuzeni.