Kodi operator yosunga disjointness imakhala ndi modulus nthawi zonse?

wakuKapata: Akuluakulu a masamu, ife gulu lowerenga functional analysis kuno ku Chipata tagwidwa pamfundo imodzi. T ndi linear operator yochokera pa vector lattice imodzi kupita pa ina, ndipo ikusunga disjointness (kusakhudzana), ndiye kuti |x|∧|y| = 0 ikupereka |Tx|∧|Ty| = 0. Kodi zimenezi zokha zikukwanira kuti |T|, modulus ya T, ikhalepo, komanso |T||x| = |Tx|?

mphunzitsi_Katete: Sizikwanira, mng'ono wanga. Theorem ya Mathieu Meyer ya 1976 imafuna kuti T ikhale order bounded (x ikakhala pakati pa malire awiri, ma Tx onse akhalenso pakati pa malire awiri) ndipo ma lattice onse awiri akhale Archimedean. Zikatero |T| ilipo, ndipo T⁺ ndi T⁻ (mbali ya positive ndi ya negative ya T) ndi ma lattice homomorphism, ma operator osunga ∧ ndi ∨. Chimene mumapeza chaulere ndi |Tx| = |T(|x|)| basi, chifukwa T(x⁺) ndi T(x⁻) sizikhudzana. Ambiri amasokoneza mizere iwiriyi poti imaoneka ngati mapasa.

wakuKapata: Zikomo aphunzitsi. Nanga chitsanzo cha pomwe zimagwa?

mphunzitsi_Katete: Tengani ma function osaduka pa [0,1] opangidwa ndi tizidutswa towongoka towerengeka. Tf ikhale slope ya f kumanja kwa 0. Ngati f ndi g sizikhudzana, imodzi mwa izo ndi ziro pa kadera [0,δ], slope yake ndi ziro, disjointness yasungika. Tsopano ikani f(t) = t ndi g = 1. Apa |f| ≤ |g|, koma Tf = 1 pomwe Tg = 0. |T| ikanakhalapo monga mwa Meyer, tikanapeza |Tf| ≤ |Tg|. Vuto n'lakuti pakati pa 0 ndi 1 mungajambule slope yotsetsereka mmene mungafunire, choncho T si order bounded.

nyachirwa_Petauke: Yambani ndi ma matrix, achimwene, muzione ndi maso. Pa Rⁿ, matrix imasunga disjointness ngati mzere uliwonse wopingasa uli ndi nambala yosakhala ziro imodzi yokha kapena ulibe. Musaiwale kuti kuphatikiza kumaononga: identity ndi matrix yosinthanitsa x ndi y pa R² zonse zili bwino, koma mukaziphatikiza (1,0) ndi (0,1) zonse zimapita ku (1,1). Pa C(K), ma function osaduka pa compact space K, n'chimodzimodzi: T ya bounded yosunga disjointness ndi Tf(s) = w(s)f(φ(s)), pomwe w ndi function ya mu C(K) ndipo φ imachokera pa K kupita pa K; φ ndi yosaduka pamalo pomwe w si ziro. Mayeso amakonda kutchera msampha pa mfundo ya φ imeneyi.